Achinyamata a ku China ndi Mayeso a Boma

Chaka chilichonse nyengo ya mayeso ikafika, m'midzi ndi m'matauni mumamveka madandaulo amodzimodzi. Mwana amene wakhala pa sukulu zaka zambiri amaweruzidwa ndi mapepala a masiku owerengeka. Akakhoza, amayi amalulutira mudzi wonse n'kumva, koma akalephera amabwerera kukagwira khasu nkhope ili pansi. Ena mwa anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu amati mayeso ngankhanza ndipo ayenera kuthetsedwa, pamene anzawo amati popanda mayeso mwana wa mmphawi sakadaliona n'komwe khomo la sukulu ya ukachenjede. Mtsutso umenewu ngwakale ndithu. Nkhani ya sabata ino ikutengera omvera ku China, dziko limene linayamba kusankha antchito a Boma mwa mayeso zaka zoposa 1,400 zapitazo, ndipo m'zaka za m'ma 1900 linathetsa mayeso ake aakulu kawiri konse, mu 1905 ndi mu 1966. Pa nthawi zonse ziwirizo mau a achinyamata ophunzira anamveka kwambiri.

Olemba mbiri ambiri amati mayeso amenewa anayamba cha m'ma 605, pamene dzikolo linali m'manja mwa banja lachifumu la Sui. Kale lonse maudindo a Boma ankagwera ana a mabanja otchuka, ndipo mfumu yaikulu inkavutika kulamulira nduna zimene zinapeza mipando yawo mwa kubadwa. Tsono mayeso anapatsa mfumu njira yodzisankhira antchito amene ulemerero wawo unachokera kwa iyo yokha. Mwambowu unakhwima mu ufumu wa Song, umene unakhala kuyambira 960 kufikira 1279. M'chaka cha 973 mfumu inayamba kuyesa yokha, kunyumba yake yachifumu, anthu amene afika pa mayeso otsiriza. Mu ufumu womwewo akuluakulu anapeza nzeru zotsekera chinyengo: dzina la wolemba linkamatidwa kuti lisaoneke, ndipo alembi a Boma ankakopera mayankho onse pa mapepala ena, kuti wochonga asazindikire kalembedwe ka mwana wa mbale wake kapena wa bwenzi lake.

Pofika nthawi ya mafumu a Ming, amene anayamba kulamulira mu 1368, ndi a Qing amene anawalowa m'malo mu 1644, mayeso anali ndi magawo atatu. Gawo loyamba munthu ankalembera kuboma la kwawo, ndipo wokhoza ankatchedwa xiucai. Ameneyu sankapatsidwa ntchito ayi, koma ankamasulidwa ku thangata, sankakwapulidwa monga munthu wamba, ndipo ankavala mkanjo wosonyeza kuti ngwophunzira. Gawo lachiwiri linkachitika kamodzi pa zaka zitatu zilizonse kulikulu la chigawo, ndipo wokhoza ankatchedwa juren. Gawo lachitatu linali ku Beijing, kumene anthu 200 kapena 300 okha m'dziko lonse ankalandira dzina la jinshi ndi kuyembekeza kukhala oweruza, abwanamkubwa kapena nduna. Akazi sankaloledwa kulemba mayeso amenewa. Pa malamulo, mwana wa mlimi anali ndi ufulu wolemba. Koma popeza kukonzekera kunkatenga zaka zambiri munthu asakugwira ntchito ina, nthawi zina abale a mbumba yonse ankasonkherana kuti aphunzitse mnyamata mmodzi wa mutu wakuthwa, nayika chiyembekezo chawo chonse pa iye.

Mayeso a m'chigawo ndiwo ankaopedwa koposa. Mu mzinda wa Nanjing munali bwalo la mayeso lokhala ndi tizipinda toposa 20,000, tondandalikana m'mizere ngati makola. Kachipinda kalikonse kanali kopanda chitseko, kotalika pang'ono kuposa mita imodzi m'lifupi mwake, ndipo munali matabwa amene masana anali tebulo ndi mpando, usiku n'kukhala pogona. Wolemba ankabwera ndi kamba wake, makandulo ndi zolembera, ndipo pachipata asilikali ankamusecha zovala ndi chakudya chomwe. Ankalowamo maulendo atatu, ulendo uliwonse masiku atatu, zipata zili zotseka. Munthu akamwalira mayeso ali mkati, mtembo wake unkakulungidwa mu mphasa ndi kutulutsidwa pamwamba pa linga, pakuti chipata sichinkatsegulidwa. Pa anthu 100 alionse olowa m'tizipindamo, okhoza ankakhala mmodzi kapena awiri, chifukwa chigawo chilichonse chinali ndi chiwerengero chake choikika chimene sichinkapitirira.

Zimene ankayesedwa zinali mabuku akale a chiphunzitso cha Confucius. Mnyamata ankaloweza pamtima zilembo pafupifupi 400,000, ndipo pa mayeso ankalemba makamaka chimangirizo cha mtundu umodzi, chimene chinkatchedwa cha miyendo 8 chifukwa cha zigawo zake zoikika. Wolemba sankayenera kunena maganizo a iye mwini, koma kulankhula monga akadalankhulira anzeru akalewo. Ubwino wake unali wakuti kuchonga kunali kosavuta, ndipo onse ankayesedwa ndi muyeso umodzi. Kuipa kwake kunali kwakuti munthu ankatha kukwera kufikira pa unduna asakudziwa masamu, malamulo a malonda, kapena maina a maiko oyandikana nawo.

Dandaulo loyamba la ophunzira linali kuchepa kwa malo. Pu Songling, amene anabadwa mu 1640, anakhoza gawo loyamba ali mnyamata wa zaka 18, anthu nati apita patali. Koma mayeso a m'chigawo anamukanika moyo wake wonse, natsiriza zaka zake akuphunzitsa ana a anthu olemera ndi kulemba nthano za mizukwa, zimene zina mwa izo zimaseka ochonga mayeso osaona bwino. Cha m'ma 1750 Wu Jingzi analemba buku la nthano lotchedwa Rulin Waishi, m'mene muli munthu wosauka dzina lake Fan Jin, amene atalephera zaka zambirimbiri anadzakhoza ali ndi zaka zoposa 50. Atamva uthengawo anapenga ndi chimwemwe, ndipo anachira pamene mpongozi wake, wogulitsa nyama, amene kale ankamunyoza tsiku ndi tsiku, anamuomba khofi. Owerenga ankaseka nthanoyi, koma ambiri a iwo ankadziona okha mwa Fan Jin, ndipo mayeso otsatira akafika ankanyamulanso kamba wawo.

Dandaulo lachiwiri linali ziphuphu. Mu 1657 zinadziwika kuti ochonga ena ku Beijing ndi ku Nanjing analandira ndalama, ndipo mfumu inalamula kuti angapo aphedwe. Mu 1711 zotsatira za ku Nanjing zitatuluka, ophunzira anaona kuti pa mndandanda wa okhoza pali ana a anthu a chuma odziwika kuti ngosaphunzira. Mu mzinda wa Suzhou ophunzira okwiya ananyamula fano la mulungu wa chuma nakalikhazika m'sukulu ya Boma, kusonyeza kuti tsopano ndalama ndiyo yakhala mphunzitsi. Pa mlandu wa mayeso a 1858 nduna yaikulu dzina lake Baijun inadulidwa mutu. Chofunika kuchiona pano n'chakuti ophunzira a masiku amenewo sankapempha kuti mayeso athe. Chimene ankalirira chinali chakuti mayeso akhale oona, pakuti ankadziwa kuti pa mpikisano wa ndalama ndi chibale iwo analibe gawo.

Komatu kulephera kunkabala zina zoopsa. Hong Xiuquan, mwana wa mlimi wa kufupi ndi Guangzhou, anabadwa mu 1814 ndipo banja lake linadzimana kuti iye aphunzire. Analephera gawo loyamba lenilenilo maulendo anayi. Atalephera kachitatu mu 1837 anadwala kwambiri naona masomphenya, ndipo atalepheranso mu 1843 anawerenga timabuku ta Chikhristu nayamba kuphunzitsa kuti iye ndi mng'ono wake wa Yesu. Mu 1851 anautsa nkhondo youkira mafumu a Qing, yodziwika ndi dzina la Taiping, ndipo mu 1853 analanda Nanjing. Pamene nkhondoyo inkatha mu 1864, anthu osachepera 20 miliyoni anali atafa. Zifukwa za nkhondoyi zinali zambiri, monga njala, misonkho ndi kusowa kwa malo olima. Koma chodabwitsa n'chakuti Hong atakhala pa mpando anakhazikitsa mayeso akeake, mafunso ake ochokera m'Baibulo ndi m'zolemba zake. Munthu amene mayeso anamuswa mtima sanapeze njira ina yosankhira antchito.

Dandaulo lachitatu, lakuti zophunzirazo n'zopanda ntchito, linakula pamene China inayamba kugonja kwa alendo. Inagonja kwa Angerezi mu 1842, ndipo mu 1895 inagonjanso kwa Japan, dziko laling'ono limene Atchaina ankaliyesa mwana wa sukulu wawo. Pangano la ku Shimonoseki, limene linapereka chilumba cha Taiwan kwa Japan, linasainidwa mu Epulo, pa nthawi imene a juren ochokera m'zigawo zonse anali ku Beijing kudzalemba mayeso otsiriza. Kang Youwei ndi wophunzira wake Liang Qichao, mnyamata wa zaka 22, anasonkhanitsa anzawo mazanamazana nalemba chikalata chopempha mfumu kuti ikane panganolo ndi kukonzanso dziko, maphunziro ndi mayeso omwe. Chikalatacho sichinafike m'manja mwa mfumu, koma chinafalikira pakati pa ophunzira. Mu 1898 Liang anatsogoleranso anzake popempha kuti chimangirizo cha miyendo 8 chithetsedwe, ndipo apa ophunzira anagawikana, pakuti ambiri amene anataya unyamata wawo pochiphunzira anamuona ngati munthu wofuna kuwalanda nsima pakamwa. M'chaka chomwecho mfumu Guangxu inachithetsadi, koma patapita masiku pafupifupi 100 mfumukazi Cixi inalanda ulamuliro, nibwezera zonse mwakale. Anthu 6 a gulu lofuna kusintha zinthu anaphedwa, ndipo Kang ndi Liang anathawira ku Japan.

Ngakhale zinatero, mtengowo unali utafumbwa kale. Mayeso otsiriza a ku Beijing analembedwa mu 1904, ndipo pa 2 Sepitembala 1905, akuluakulu monga Yuan Shikai ndi Zhang Zhidong atapempha, lamulo linatuluka lothetsa mayeso onse akale. Pempho lawo linanena kuti sukulu zatsopano zophunzitsa sayansi ndi zilankhulo sizingadzaze ngati njira yakale ikadali yotseguka. Achinyamata a m'mizinda anakondwa, ndipo zikwi zingapo anaoloka nyanja kukaphunzira ku Japan. Koma kumidzi kunali kulira. Aphunzitsi a m'midzi anatha ntchito, ndipo sukulu zatsopanozo zinali m'matauni, zolipira ndalama zambiri. Kale mwana wa mlimi ankasowa mabuku ochepa ndi mphunzitsi mmodzi basi. Tsopano ankasowa ndalama ya ulendo, ya malo ogona ndi ya fizi. Ophunzira ambiri amene njira yawo inatsekedwa analowa usilikali kapena m'magulu oukira, ndipo nkhondo ya 1911 itabuka ufumu wa Qing unagwa. Sun Yat-sen, mtsogoleri wa oukirawo, anaphunzitsa kuti Boma latsopano likhale ndi nthambi yapadera yoyang'anira mayeso. Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Chipani cha Chikomyunizimu chitatenga dziko mu 1949, Boma linakhazikitsa mu 1952 mayeso amodzi a dziko lonse olowera ku yunivesite, amene lero amatchedwa gaokao. Anayenda zaka 14. Mu Juni 1966, pamene Mao Zedong ankayambitsa chipwirikiti chimene chinatchedwa kusintha kwa chikhalidwe, atsikana a kalasi lotsiriza pa sukulu ina ya sekondale ya Boma ku Beijing analembera kalata Mao ndi akuluakulu a chipani. Iwo anati mayesowo ndi mwambo wa mafumu akale wovala malaya atsopano. Anati amasandutsa ana kukhala akapolo a mabuku ofuna kutchuka okha, ndiponso amatsekereza ana a alimi ndi a antchito. Anyamata a sukulu ina ya mumzinda womwewo analemba yawo yovomereza. Makalatawo anasindikizidwa m'nyuzipepala ya chipani, People's Daily, pa 18 Juni, pamodzi ndi chilengezo chakuti mayeso aimitsidwa kwa theka la chaka. Theka la chakalo linasanduka zaka 11. Sukulu zinatsekedwa, aphunzitsi ambiri ananyozedwa poyera ndipo ena anamenyedwa mpaka kufa. Kuyambira kumapeto kwa 1968 achinyamata a m'mizinda anatumizidwa kumidzi kukalima, ndipo onse pamodzi anakwana 16 miliyoni ndi kuposerapo. M'gulu limeneli munali mbadwo womwewo umene unakondwerera kutha kwa mayeso. Walira mvula walira matope.

Mayunivesite atayambanso kulandira ophunzira mu 1970, njira inali yakuti munthu asankhidwe ndi anzake a kuntchito kapena a pamudzi, ndipo akuluakulu a chipani avomereze. Pa mau, imeneyi inali njira yokweza alimi, antchito ndi asilikali. Pa zochitika, mphamvu yonse inagwera m'manja mwa wosaina kalata, ndipo ana a akuluakulu anayamba kulowa mwa njira imene Atchaina ankaitcha khomo la kuseri, imene kuno imatchedwa kulowera pazenera. Mu 1973 Boma linayesa kubwezeretsa timayeso tochepa. M'chigawo cha Liaoning mnyamata wina wotumizidwa kumudzi, Zhang Tiesheng, atalephera kuyankha mafunso ambiri a sayansi, analemba kalata kuseri kwa pepala lake. Anadandaula kuti iye wakhala ali kumunda kuyambira m'bandakucha kufikira usiku, pamene anzake othawa ntchito anali kuwerenga m'nyumba, ndipo si chilungamo kuti maola ochepa afafanize thukuta lake la zaka. Dandaulolo linali ndi nzeru yake, ndipo mwana aliyense wopita ku sukulu atachoka kudimba angalimvetse. Koma andale analigwiritsa ntchito: kalatayo inasindikizidwa m'nyuzipepala, Zhang anatamandidwa ngati ngwazi napatsidwa malo pa sukulu ya zaulimi, ndipo mayeso anakwiriridwanso. Mao atamwalira mu 1976 zinthu zinatembenuka. Zhang anamangidwa, ndipo mu 1983 anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 15 pa milandu ya ndale.

Mu Ogasiti 1977 Deng Xiaoping anaitanitsa msonkhano wa aphunzitsi ndi akatswiri a sayansi ku Beijing. Mphunzitsi wina wa ku yunivesite ya Wuhan, Zha Quanxing, anaimirira nanena mosabisa kuti njira yosankha mwa makalata yadzaza makalasi ndi anthu osakonzeka ndipo yakwirira ana aluso. Deng anagamula kuti mayeso abwerere chaka chomwecho. Chilengezo chinatuluka pa 21 Okutobala, ndipo mayeso analembedwa kumapeto kwa chaka, m'nyengo yozizira. Anthu 5,700,000 analemba, kulimbirana malo pafupifupi 270,000. Ndiye kuti pa anthu 100 alionse olowa sanakwane asanu. Munali ana ongotsiriza kumene sekondale pamodzi ndi abambo ndi amayi a zaka 30 amene anasiya mabuku zaka 10 m'mbuyomo, ndipo m'malo ena mphunzitsi anakhala m'chipinda chimodzi ndi ana ake a sukulu. Mabuku anali osowa, kotero kuti anthu ankabwerekana ndi kukopera pamanja usiku ataweruka kumunda kapena kufakitale. Mmodzi mwa okhoza anali Li Keqiang, amene panthawiyo anali kumudzi m'chigawo cha Anhui, ndipo anadzakhala nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 2013 kufikira 2023. Mbadwo umene unapempha kuti mayeso athe ndi womwewo umene unathamangira kukalemba atabwerera.

Kuyambira pamenepo gaokao sanaimitsidwenso, ndipo mu 2024 olembetsa anaposa 13 miliyoni. Malo a m'mayunivesite anachuluka kwambiri kuyambira 1999, koma mpikisano unangosamukira pa sukulu zotchuka monga Peking ndi Tsinghua, ndipo madandaulo akale aja akadalipo m'maonekedwe ena. Mu 2001 atsikana atatu a ku Qingdao anasumira unduna wa zamaphunziro chifukwa mwana wa ku Beijing ankalowa yunivesite ndi mamalikisi ochepa kuposa mwana wa m'chigawo chawo. Mlanduwo sunapite patali, koma funso lawo silinafe. Mu 2021 Boma linaletsa makampani kuchita malonda ophunzitsa ana mwapadera maphunziro a pa mayeso, poona kuti makolo akutha chuma ndipo ana sakugona. Ngakhale kuno ku Malawi mayeso a Junior Certificate anaimitsidwa atalembedwa mu 2016, nabwezeretsedwa mu 2021.

Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti achinyamata a ku China sanalakwe pa zimene ankadandaula. Chimangirizo cha miyendo 8 chinalidi chopanda phindu pa nkhondo ndi pa malonda, ochonga ena analidi akuba, ndipo mwana wolima tsiku lonse sankapikisana mofanana ndi mwana wa mumzinda. Pamene panavuta ndi pa mankhwala ake. Malo akakhala 270,000 ndipo owafuna ali 5,700,000, wina ayenera kusankha ndithu, ndipo kuchotsa mayeso sikuonjezera mpando ngakhale umodzi m'kalasi. Mu 1905 kusankhako kunagwera m'manja mwa ndalama, mu 1970 kunagwera m'manja mwa wosaina kalata, ndipo maulendo onse awiri mwana wopanda chuma ndi wopanda mbale kuboma ndiye anatsala kunja. Zimene zinathandizadi zinali ntchito zapang'onopang'ono: kumata maina ndi kulanga akuba mayeso, kusintha mafunso kuti ayese zinthu zofunika pa moyo, kumanga sukulu kumidzi, ndi kuchulukitsa malo. Makolo ndi aphunzitsi amene ana awo akukonzekera mayeso chaka chino, pamodzi ndi anyamata ndi atsikana amene zotsatira zinawakhumudwitsa, ali ndi chifukwa chofunsa mafunso omwewo amene ophunzira a ku Suzhou anafunsa mu 1711 ndi a ku Beijing mu 1895: ngati mayeso akuyendetsedwa moona, ngati zimene akuyesa n'zaphindu, ndiponso ngati mwana wolephera ali ndi njira ina yoti adzere.